Walira Mvula Walira Matope

Kwina konse mwambi uwu ana amachita kuloweza kuti akakhoze mayeso, koma ku Thyolo umaoneka ndi maso. Mwezi wa Okutobala tiyi amakhala atachita mbuu ndi fumbi, masamba akuphuka mwaulesi, ndipo aliyense, kuyambira manijala wa esiteti mpaka mayi wothyola tiyi, amakhalira kuyang'ana kumwamba. Mvula ikangokhazikika, zitunda za ku Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba zimabiriwira m'masiku owerengeka, aganyu amalembedwa, madengu amalemera pa sikelo, mafakitale amalira usana ndi usiku. Mvula yomweyo ndi imene imafewetsa katondo wa m'misewu ya m'minda mpaka thirakitala kutitimira pamodzi ndi ngolo yake ya masamba, anthu n'kuyamba kukankha, matope ali lekeleke m'maondo. Munthu wa kuno satukwana matope amenewo. Amadziwa kuti anabwera m'phukusi limodzi ndi chimene iye mwini anapempha.

Mwambiwu wakhala ukundizungulira m'mutu chifukwa cha kulira kwina kumene kumamveka masiku ano pa msewu wa M2, uja wochoka ku Limbe kudzera pa Bvumbwe ndi pa boma la Thyolo, n'kutsetserekera ku Luchenza mpaka ku Mulanje. Si kulira kwa minibasi yolemedwa kapena kwa lole ya nkhuni za bulugama. Ndi galimoto yaing'ono imene mwini wake waikonza dala kuti izithamanga: ekizozi yakukamwa kwakukulu, matayala otambalala, thupi logwetsedwa mpaka kutsala pang'ono kunyambita phula. Anyamata a m'tauni amaukonda msewu umenewu, ndipo n'zomveka. Uli ndi makhota okoma, zikweza ndi zitsetse, kamphepo kozizira, ndi minda yobiriwira uku ndi uku yoti chithunzi chikakongole pa Facebook.

Ndinene poyera kuti anyamata amenewa ine sindiwanyoza. Alipo akuluakulu amene akangomva galimoto ikubangula amati ndi chibwana cha ana a anthu olemera, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndimaonapo luso ndi chikondi. Munthu amene amagona pansi pa galimoto Loweruka lonse, oyilo ali m'zikhadabo, kufuna kumvetsa chimene chikutsamwitsa injini ikafika pa liwiro lakutilakuti, ameneyo ali pasukulu. Amakaniko a ku Ndirande ndi ku Limbe amene amazula injini m'galimoto ina n'kuikhazika mu ina, mawaya onse n'kugwirizana, pamene zolembedwa zonse pansi pa boneti zili m'Chijapani, ndi anthu oyenera kuwavulira chipewa. Dziko losowa mainjiniya ngati lathu lisamathire madzi moto woterewu.

Galimoto zimenezi zimafika kuno zitayenda mtunda. Ku Japan kuli lamulo loyeza galimoto lotchedwa shaken: yatsopano imayezedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo ndalama zake pamodzi ndi misonkho zimachititsa ambiri kuona kuti bola kugulitsa n'kugula ina. Zogulitsidwazo ndi zimene timasankha pa intaneti kwa Be Forward kapena SBT, kulipira m'madola, kudikira sitima ikocheze pa doko la Dar es Salaam, kenako kulowa nazo pa Songwe, a MRA n'kuwerengera msonkho potengera zaka zake ndi kukula kwa injini. Poti Ajapani amayenda kumanzere ngati ife, chiwongolero chimakhala kumene tinachizolowera. Ikafika pakhomo, wailesi yake imalekera pa 90 FM, ukailiza kamawu ka mayi kamalankhula Chijapani chimene palibe akumva, ndipo wotchi ya liwiro imathera pa 180. Zambiri ndi ma Vitz, ma Passo, ma Sienta ndi ma Probox, zodyetsa mabanja. Koma pakati pa izo pamatulukira zina zamagazi ena: Toyota Altezza RS200 imene inkapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, yokankha ndi matayala akumbuyo, injini ya malita 2 yotulutsa mahosipawa 210 pa magiya 6 a pamanja, Mark X ya V6, Subaru Impreza WRX ya turbo, imene kulira kwake umakuzindikira uli m'nyumba.

Mnyamata akamati galimoto yake ili ndi mtima wa mpikisano sakunama. Mbiri ya zitsulo za ku Japan inalembedwa pa fumbi la mu Africa momwe muno. Datsun 240Z inapambana Safari Rally mu 1971 ndi 1973. Shekhar Mehta wa ku Kenya anapambana mpikisano umenewu kasanu, konseko ali m'galimoto za kampani ya Nissan, ndipo Joginder Singh anautenga mu 1974 ndi 1976 ali mu Mitsubishi Lancer. Kwa anansi athu ku Zambia, Satwant Singh anakhala katswiri wa mipikisano yotereyi mu Africa yense maulendo 8.

Koma nambala ija ya 180 sinalembedwe mwangozi. Makampani a ku Japan anagwirizana okha kuti galimoto zogulitsidwa kwawo zizikhala ndi kachipangizo koziletsa kupitirira pamenepo, ndipo kuyambira 1989 mpaka 2004 anagwirizananso kuti pasakhale yolembedwa mahosipawa oposa 280. Mgwirizano wa mahosipawawu unayamba nthawi imene ngozi za pamsewu zinkapha anthu oposa 10,000 pa chaka m'dzikomo. Munthu wa ku Thyolo savutika kumvetsa nzeru imeneyi. Tiyi ndi mtengo, mukamulekerera amatalika kuposa denga la nyumba. Amamudulira kuti alekeze m'chiuno, osati pomuda, koma kuti dzanja lifikire ndi kuti aziphukira masamba anthete chaka ndi chaka. Injini yochokera ku fakitale ndi yoduliridwa chimodzimodzi. Mphamvu ina anaisiya dala m'kati kuti ipirire kutentha, mafuta osalongosoka, ndi mwini wake wochedwa kusintha oyilo. Wokonza galimoto kuti ithamange amakatapa mphamvu yosungidwayo, ndipo zimathekadi. Apo ndiye walira mvula.

Matope ake amayambira m'kati mwa injini. Ukauza kompyuta ya galimoto kuti turbo izikankha mpweya wochuluka, mafuta opsa amachuluka, kutentha nakonso kumakwera, ndipo rediyeta ya zaka 15 yodzaza dzimbiri siingakwanitse. Galimoto ngati WRX ndi Altezza RS200 anazichunira petulo wa ku Japan wa okiteni wokwera, amene pa muyezo wawo amayambira pa 96 ndipo nthawi zambiri amayandikira 100. Ife pa pampu tili ndi petulo wa mtundu umodzi, wosakaniza ndi ethanol wa nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo akasowa anthu amathamangira wa m'zigubu, amene sadziwika kuti wathiridwa chiyani. Injini yokankhidwa mopitirira ikamwa mafuta osayenera imayamba kugogoda m'kati, mafuta akuphulika mosalongosoka. Khutu silimva chifukwa ekizozi ikusokosa. Tsiku lina pa chikweza gasiketi imapsa kapena pisitoni imasungunuka m'mphepete, utsi n'kuti tolo, anzake n'kumauzana pa foni kuti ya uje ija yanoka. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Onjezanipo ichi: minda ya tiyi ya ku Thyolo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake. Mahosipawa 210 a m'mbali mwa nyanja ku Yokohama, kuno amatsala cha m'ma 190, ngakhale injini itakhala yatsopano. Phokoso la ekizozi silibweza kanthu pamenepo.

Makaniko wodziwa ntchito yake, mnyamata akafika pa galaja maso ali gwa ndi nkhani ya turbo, sayamba n'kutsegula boneti. Amagwada kaye pa tayala n'kufunsa kuti, "Achimwene, za kuthamanga mwanena, nanga za kuima?" Amapukuta fumbi m'mbali mwa tayala ndi chala chachikulu mpaka manambala anayi aoneke. Akapeza 2314, ndiye kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2014. Mizere ingakhalepo, koma mphira wake anauma kalekale. Nthawi zina amapeza kuti galimoto inabwera ndi matayala a m'nyengo ya chipale chofewa, amphira wofewa wokhala ndi timing'alu tambirimbiri, amene pa phula lotentha la kuno amateleza ndi kutha msanga. Pa tayala lililonse, malo okhudza pansi sakula kuposa chikhatho cha munthu wamkulu. Mahosipawa onse aja, mabuleki onse, kukhota konse, zimadutsira pa zikhatho zinayi zimenezo.

Akachoka apo amatsegula kabotolo ka mafuta a mabuleki. Ngati ada bii, amapukusa mutu. Mafuta amenewa amayamwa chinyontho cha mumpweya, ndipo ku Thyolo chinyontho sichisowa. A DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri oposa 230, koma akamwa madzi amatha kuwira cha m'ma 155. Munthu akamatsika chitsetse chachitali, kuponda moto, kuponda buleki, kuponda moto, kuponda buleki, madisiki amatentha, mafuta aja amabwata, ndipo pa khota lachisanu phazi limangolowa mpaka pansi popanda chogwira. Palibe chenjezo. N'chifukwa chake amene anathamangapo pa bwalo lenileni amayamba ndi matayala, mapadi, mafuta a mabuleki, rediyeta, mashoko, mpando ndi malamba, kenako kuphunzitsa dalaivala mwini wakeyo, ndipo injini amaikhudza pomalizira. Vuto lake n'lakuti zinthu zimenezi sizilira, ndipo pa chithunzi sizioneka. Mnyamata wa ndalama zowerengeka amasankha chimene anzake amve ali patali.

Ndiye pali nkhani yogwetsa galimoto. Pa bwalo losalala, galimoto yofupika imagwira pansi bwino pokhota, ndipo amachita zimenezi ndi mashoko ndi masipuling'i opangidwira ntchitoyo. Kuno ambiri amangotenga galainda n'kudula masipuling'i. Galimoto imayamba kudumphadumpha, tayala n'kumasiya phula pa kabampu kalikonse, pansi pa injini n'kumakhula mahampu onse a pa malo a malonda. Mwini wake yemweyo akufunanso Lamulungu akaone agogo ku Masambanjati kapena ku Thekerani, kapena alowe msewu wa fumbi umene namondwe Freddy anaukumba mu Malichi 2023. Mapanga awiri avumbwitsa. Galimoto zija zinkapambana Safari Rally sizinkagwetsedwa. Ankazikweza, n'kuzimangira chitsulo chotchinjiriza kumimba, n'kulimbitsa miyendo. Amene akufunadi galimoto yoyenera dziko lino aphunzire kwa amenewo, asamangotengera za pa YouTube zojambulidwa m'misewu ya ku Tokyo.

Za thumba sindichulutsa. Sipeya aliyense wa zoterezi amagulidwa m'madola kapena m'marandi, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zambiri mwa galimoto zimenezi zinakhala pa miyala kudikira kachitsulo kamodzi.

Matope onse ndatchulawa ndi a mwini galimoto. Ngati wawavomera ndi maso ake ali otsegula, ine ndilibe naye mlandu. Ndalama ndi zake, injini ndi yake. Amene akundisowetsa mtendere ndi matope othovukira munthu amene mvulayo sanailire.

Imani m'mbali mwa M2 cha m'ma 5 koloko m'mawa. Kusanayere bwino, anthu amakhala atayamba kale kutuluka m'midzi yothithikana m'malire a maesiteti. Amayi ndi abambo ali pa mndandanda m'mphepete mwa phula, dengu kumsana, pulasitiki atamanga m'chiuno kuopa mame, ena jombo, ena patapata, kuthamangira kuti kapitawo asawadule tsiku. Pambuyo pawo ana a sukulu, wa kabaza atasenza mikoko ya nthochi yotambalala kuposa njinga yake, mayi wa kabichi akupita ku msika wa Bvumbwe. Thirakitala imatulukira pa kamsewu ka m'munda mwapang'onopang'ono, ngolo ili pambuyo, n'kusiya katondo wonyowa pa phula pakati penipeni pa khota. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza yochokera cha ku mapiri a ku Mozambique, moti munthu amene ali mamita 30 patsogolo suungamuone. Madzulo gulu lomwelo limabwerera, litatopa, ena atadutsa pomwera. Anthu amenewa sayenda pamsewu chifukwa chokonda. Malo abwino a m'boma lino anapita ku maesiteti kuyambira masiku a atsamunda ndi thangata, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 mu Thyolo, ambiri mwa iwo opanda galimoto ndiponso opanda njira ina yoyendamo. Msewu umene mlendo wa Loweruka amauona ngati bwalo, kwa iwo ndi njira ya kuntchito, ya kuchigayo, ya kumaliro.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo sakondera. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto imadutsa mamita 28 pa sekondi imodzi. Pa 140 imadutsa 39. Sekondi imeneyo ndi imene imatha diso litaona, phazi lisanafike pa buleki. Ukaponda, mtunda woimira sukula mofanana ndi liwiro ayi: kuchoka pa 100 kufika pa 140, umatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo pamenepo ndi pa phula louma, matayala ali abwino. Bungwe la WHO limati munthu woyenda pansi akagundidwa pa 65 m'malo mwa 50, kuthekera kwakuti afe kumakwera ka 4.5. Taonani kuchepa kwa manambala amenewo, 50 ndi 65, liwiro limene mnyamata wa Altezza amaliona ngati kuyenda wapansi. Ukatswiri wa pa chiwongolero suchotsapo mita ngakhale imodzi pa zimene diso silinaone kuseri kwa tiyi. Ndipo wothyola tiyi amadya ndi miyendo yake. Akathyoka ntchafu n'kukagona miyezi ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Queen Elizabeth, dengu lake silipita pa sikelo, ndipo pakhomo pake moto suyaka. Woyendetsa anali ndi lamba, ma airbag ndi chitsulo chomuzungulira. Mayi wothyola tiyiyo anali ndi chitenje.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Ajapani, opanga galimotozi, nawonso ndi anthu a tiyi. Chigawo cha Shizuoka, chimene kwa zaka zambiri chakhala mtima wa tiyi wa ku Japan, ndi kumenenso kuli Fuji Speedway, bwalo la mpikisano lomangidwa m'zaka za m'ma 1960 m'munsi mwa phiri la Fuji, ndipo lero lili m'manja mwa Toyota. Chigawo cha Mie nachonso chimalima tiyi wambiri, ndipo ndi kumene a Honda anamanga bwalo la Suzuka mu 1962. Mapiri ali nawo, makhota ali nawo, anyamata amagazi otentha ali nawo. Nawonso anadutsamo m'nyengo yothamangitsana usiku m'misewu ya m'mapiri. Keiichi Tsuchiya, amene dziko lonse limamutcha mfumu ya drift, luso lokhota galimoto ikuterereka chammbali, anaphunzirira kumeneko n'kutchuka ndi Toyota AE86, ndipo kanema wake wa 1987 wojambulidwa m'misewu ya anthu onse anamubweretsera chilango cholandidwa kwa kanthawi chiphaso chake cha mpikisano. Masewerawo anakula pamene anachoka mumsewu n'kulowa mumpanda, pa mabwalo ngati Ebisu, mpaka kubadwa kwa mpikisano wa D1 Grand Prix kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Okonza injini a ku Japan akafuna kudziwa ngati ntchito yawo yaphula kanthu amapita ku Tsukuba, kabwalo ka makilomita 2 okha, wotchi n'kuwauza zoona.

Bwalo si phula lokha. Ndi malo amene onse akulowera mbali imodzi, kulibe mwana wodumpha msewu, kulibe thirakitala. Kunja kwa khota anathirako miyala ing'onoing'ono yoti wophonya akatitimiremo, pali anthu a mbendera, ambulansi ili chire. Usanalowe amayamba ayeza galimoto yako, ndipo wopanda helemeti amabwezedwa pa geti. Aliyense amene ali m'katimo anasaina yekha kuti mvulayi wailira. Apo mpamene mwambi wathu umakwanira bwinobwino, chifukwa wolira ndi woponda matope amakhala munthu mmodzi.

Anansi athu anazindikira zimenezi. Ku Harare kuli Donnybrook, ku Pretoria kuli Zwartkops, ku Cape Town kuli Killarney, ku Maputo kuli bwalo la ATCM. Ku Joni, masewero ozungulitsa BMW 325i imene amaitcha gusheshe anayambira m'misewu ya ku Soweto, apolisi akuthamangitsana nawo, koma lero amachitikira m'mabwalo otchingidwa, anthu akulipira pakhomo, ndipo mu 2024 nduna ya zamasewero Gayton McKenzie inalonjeza poyera kuwakweza. Amalawi ambiri okhala kumeneko anaziona ndi maso. Ife kuno bwalo la phula lomangidwira mpikisano wa galimoto tilibe. Kusowa kumeneku sikupatsa munthu chilolezo chosandutsa M2 bwalo, koma ndi kusowa kwenikweni, ndipo kungowakalipira anyamata popanda kuwalozera kwina ndi ulesi wa ife akuluakulu.

Sitikufunika Suzuka kuti tiyambe. Malo afulati otchingidwa, makoni apulasitiki, wotchi, ambulansi imodzi, ndi munthu wokhwima woyeza mabuleki pa geti, n'zokwanira kuphunzitsa mnyamata mmene galimoto yake imatayira kumbuyo ndi mmene angaibwezere, pa giya yachiwiri, popanda kuika moyo wa wina pachiswe. Maesiteti ali ndi misewu yawoyawo ya fumbi, yokhala ndi mageti ndi alonda, imene ingatsekedwe tsiku limodzi m'nyengo yachilimwe ntchito itachepa, midzi yozungulira itauzidwa kudzera kwa mafumu. M'dera la tiyi muno mabwalo a gofu anapezeka kuyambira kale; malo a masewero awa angapezekenso anthu atakhala pansi. Amalonda a m'mbali angagulitse nthochi ndi mandasi, amakaniko athu angaonetse ntchito yawo pagulu, ndipo mwana wa wothyola tiyi angaone galimoto yothamanga ali kuseri kwa chingwe, m'malo moiona ikumubwerera pa khota.

Achimwene a Altezza, a Subaru, a Mark X, mawuwa ndi anu. Sonkhanani, lembetsani kalabu yanu mwalamulo, sankhani akuluakulu oti akuyankhulireni, mupite kwa a khonsolo, kwa apolisi apamsewu, kwa a Road Traffic ndi kwa eni maesiteti mukapemphe malo ndi tsiku. Mnzanu amene akuthamangitsana ndi anzake pakati pa anthu oyenda pansi mumuchotse m'gulu, chifukwa ngozi yake imodzi idzatseka makomo onse amene mukugogoda. Ndalama ya ekizozi mwezi uno igule matayala ndi mafuta a mabuleki. Ndipo kufikira tsiku limene geti ya bwalo idzatsegulidwe, pa M2 muziyenda pa liwiro lolembedwa pa zikwangwani.